Kusintha mapulagi a galimoto koyamba: mafunso ndi mayankho

Magalimoto ang'onoang'ono ambiri amene adzaza m'misewu yathu, ma Vitz, ma Sienta, ma Probox, ma Fit ndi ma Note, adabwera kuchokera ku Japan atayendapo kale, ndipo eni ake a kuno sadziwa kuti mapulagi adasinthidwa liti. Oyilo timamukumbukira chifukwa amakaniko amatilembera makilomita pa kakhadi. Mapulagi amaiwalika mpaka tsiku limene galimoto iyambe kunjenjemera ili pa maloboti. Kuwasintha ndi ntchito imene munthu wosaphunzira umakaniko angaichite yekha pakhomo pa ola limodzi, koma muli malo angapo pamene kuphonya kumadula kuposa ndalama imene mumafuna kupulumutsa.

Kodi pulagi imagwira ntchito yanji kwenikweni?

Imayatsa moto m'kati mwa injini. Pisitoni ikatsika imakoka mpweya wosakanikirana ndi petulo, ikakwera imaupanikiza pamwamba pa silinda, ndipo pa nthawi yeniyeniyo pulagi imatulutsa kamoto kothetheka kamene kamayatsa zonsezo. Mphamvu ya kuyakako ndiyo imakankha pisitoni, mateyala n'kuzungulira.

Batire ya galimoto ili ndi mavoti 12 okha. Koyilo ndiyo imawakweza kufika pa 20,000 kapena 30,000, magetsiwo n'kulumpha kampata ka pafupifupi milimita imodzi pakati pa kachitsulo kapakati ndi kachitsulo kokhota ka kunsonga. Injini ikamazungulira ka 3,000 pa mphindi imodzi, pulagi iliyonse imayaka ka 25 pa sekondi. Kuyaka kulikonse kumadyako pang'ono tizitsulo tija, mpata umanka nukula, ndipo koyilo imakakamizika kukankha magetsi ochuluka kuti alumphe. N'chifukwa chake pulagi yakutha imapha koyilo, pamene koyilo imodzi yeniyeni imatha kudula kuposa mapulagi wamba onse anayi. Kapangidwe ka pulagi n'kakale ndithu. Gottlob Honold wa ku kampani ya Bosch ku Stuttgart adakakhazikitsa mu 1902, ndipo chimene chasintha kwambiri kuchokera nthawi imeneyo ndi zitsulo za kunsonga.

Yanga ndi ya dizilo. Nkhaniyi ikundikhudza?

Ayi. Dizilo amayaka yekha ndi kutentha kwa mpweya wopanikizidwa kwambiri. Hilux kapena Hiace ya dizilo ili ndi mapulagi otenthetsera, aja amati mahita, othandiza kuliza injini m'mawa kukazizira. Amenewo sachedwa kuthyokera m'kati pomasula. Asiyireni makaniko.

Ndingadziwe bwanji kuti mapulagi atha?

Chizindikiro chodziwika ndi kumisa. Silinda imodzi imalephera kuyatsa mwa apo ndi apo, ndiye galimoto ikaima injini ikulira mumamva kugwedezeka pa mpando ndi pa chiwongolero, kuekizozi nako kumveka modukizadukiza. Koma pulagi yofooka imayamba kudziulula pa chitunda. Mukaponda moto kwambiri m'silinda mumalowa mpweya wambiri, kupanikizika kumakula, ndipo magetsi amavutika kulumpha mpata mu mpweya wothinana chotero. Galimoto imatha kuyenda bwinobwino m'tauni, koma ikafika pokwera Chiweta kapena mapiri a ku Chikwawa itanyamula anthu asanu, n'kuyamba kujejemajejema. Zina ndi kuvuta kulira m'mawa, kumwa mafuta kuposa kale, ndi fungo la petulo wosapsa kuekizozi.

Nyali ya check engine ikayaka n'kukhala duu, mukhoza kufika kumene mukupita n'kukayezetsa mawa. Ikamaphethira, imani. Ndiye kuti petulo wosapsa akukayakira m'catalytic converter, chija ambiri amangoti makala, ndipo chikasungunuka mtengo wake ndi wina.

Zizindikiro zonsezi zimabweranso ndi koyilo yakufa, injekita yotsekeka kapena fyuluta ya mpweya yodzaza fumbi. Timayambira ku mapulagi chifukwa ndi otchipa komanso osavuta kuwafika, basi.

Ndisinthe pakapita makilomita angati?

Zimatengera chitsulo cha kunsonga. Kampani ya NGK, m'malangizo ake a ku Japan, imati mapulagi wamba asinthidwe pa makilomita 15,000 mpaka 20,000. Pa timagalimoto ta injini ya 660cc, ngati Mira ndi Alto, imati 7,000 mpaka 10,000, chifukwa tinjini timeneti timazungulira kwambiri kuti tiyende mtunda womwewo. Anyamata a kabaza amve izi: pa njinga yamoto ndi 3,000 mpaka 5,000. Mapulagi okhalitsa, amene ali ndi iridium kapena platinum pa tizitsulo tonse tiwiri, amafika makilomita 100,000.

Apa pali msampha. Si pulagi iliyonse yolembedwa iridium imene imafika 100,000. Ina ili ndi iridium pa kachitsulo kapakati pokha, kokhota kaja n'kukhala ka nickel wamba, ndipo yotereyi imatha pafupifupi nthawi yomweyo ndi pulagi wamba. Funsani musanalipire.

Ngati galimoto mwangoigula ndipo mbiri yake simuidziwa, musadalire makilomita a pa dashibodi. Tulutsani pulagi imodzi muione. Tizitsulo tatsopano timakhala ndi m'mbali mwakuthwa. Takutha timakhala tobulungira, mpata utakula moonekeratu ndi maso.

Wa mushopu akuti pulagi iliyonse ya saizi imeneyi imalowa. N'zoona?

Kulowa imalowadi, ndipo vuto lagona pomwepo. Mapulagi awiri akhoza kufanana kunenepa kwa mizere yomangira, ija amakaniko amati mathiredi, koma n'kusiyana utali: ena ndi a mamilimita 19, ena 26.5. Mukaika yaitali pofunika yaifupi, nsonga imalowerera m'silinda, ikhoza kugundana ndi pisitoni, ndipo mathiredi otulukira m'katimo amamatirira mwaye mpaka pulagi kudzakana kutuluka. Mukaika yaifupi pofunika yaitali, moto umayakira m'kabowo, kutali ndi petulo, injini n'kufooka. Injini za dzina limodzi, ngakhale 1NZ yotchuka ija ya mu Probox ndi Sienta, zimatha kusiyana mapulagi malinga ndi chaka chimene zidapangidwa.

Chachiwiri ndi nambala ya kutentha. Nsonga ya pulagi imafunika kutentha pakati pa madigiri 500 ndi 800. Ikachepera apo mwaye supsa, umaunjikana mpaka kuba magetsi. Ikapitirira kwambiri imayatsa petulo nthawi isanakwane, zimene zimatha kubowola pisitoni. Pa NGK BKR5EYA-11, 5 ndiye nambala ya kutentha, R akusonyeza kuti muli resistor yoteteza wailesi ndi kompyuta ya galimoto ku kusokonezedwa ndi magetsi a pulagi, ndipo 11 ndi mpata wa mamilimita 1.1. Denso ili ndi mawerengedwe akeake: 16 wake ndi 5 wa NGK, 20 wake ndi 6. Kwa makampani awiriwa nambala ikamakwera ndiye kuti pulagi ikuzizira, koma kwa Bosch zimayenda mobwerera. Kufananitsa manambala ndi maso pa kauntala n'kudzinamiza.

Pitani ndi nambala ya chasisi ndi dzina la injini, zimene zimalembedwa pa kachitsulo ka m'boneti kapena pamphepete pa chitseko, wogulitsa ayang'ane m'buku lake kapena pa intaneti. Pulagi yakale ndi umboni wothandiza koma wosakwanira, pakuti amene adaiika mwina nayenso adangouzidwa kuti imalowa.

Nanga a iridium aja ndi oyeneradi ndalama zake?

Iridium imasungunuka pa madigiri oposa 2,400, pamene nickel wa mapulagi wamba amasungunuka pa 1,455. Chifukwa cha kulimba kumeneku nsonga imatha kupangidwa yopyapyala kwambiri, mamilimita 0.4 kapena 0.6, ndipo magetsi amalumpha mosavuta kuchokera pa kansonga kotere. Koma musayembekezere kuti Passo isanduka galimoto ya mpikisano. Chimene mumagula ndi kukhalitsa ndi kuyatsa kokhazikika. Ngati wopanga galimoto adaika iridium, bwezeranimo iridium. Ngati adaika wamba, wamba weniweni akukwanirani.

Mawu akuti weniweni ndawanena dala. Mapulagi a NGK ndi Denso ali m'gulu la masipeya amene amakoperedwa kwambiri pa dziko lonse, ndipo achinyengo amakonda kubwera m'bokosi la iridium pa mtengo wokoma. Yang'anani zilembo za pa bokosi ndi pa mbali yoyera ya pulagi: zikakhala zofufutika kapena zopendama, kayikirani. Washala ya pulagi yeniyeni sigwa yokha mukaitembenuza. Kansonga ka iridium weniweni n'kopyapyala, koonekeratu kuti kadawotcheredwa padera. Ka pulagi yachinyengo kamatha kusungunuka kapena kuthyokera m'silinda. Kwa ine, mapulagi wamba enieni anayi aposa kutali a iridium okayikitsa anayi, ndipo mtengo ukatsika kufika theka la umene mashopu odalirika akugulitsira, yankho mwalipeza kale.

Kodi galimoto iliyonse ndi yoti woyamba kumene angaiyese?

Ayi, ndipo ndi bwino kudziwiratu musanagule zida. Toyota za injini ya 1NZ, 2NZ, 1ZZ ndi zinzake ndi zophunzirirapo zabwino: mukachotsa chivundikiro cha pulasitiki, makoyilo anayi ali pamzere akukuyang'anani. Vitz ndi Passo za 1KR zili ndi masilinda atatu, choncho mapulagi ndi atatu.

Honda Fit yoyamba ija, ya zaka za 2001 mpaka 2007 yokhala ndi injini ya 1.3 i-DSI, ili ndi mapulagi 8, awiri pa silinda iliyonse, anayi kutsogolo ndi anayi kumbuyo kwa injini. Anthu ambiri amasintha a kutsogolo okha, akumbuyo n'kukhala momwemo zaka, kenaka n'kumadabwa kuti galimoto ikumisabe. Nissan Tiida ndi Note za injini ya HR15 zimafuna kuchotsa manifodi yolowetsa mpweya kuti mufike pa makoyilo, ntchito ya mabawuti ambiri, mapaipi ndi gasiketi. Subaru ili ndi mapulagi m'mbali mwa injini, pothina poti dzanja silimaona chimene likuchita. Zimenezi musayambire pomwepo.

Pa hybrid, ngati Aqua kapena Prius, mapulagi amasinthidwa mofanana ndi galimoto ina iliyonse, kungoti injini imatha kudzilizira yokha galimoto ikakhala pa READY. Zimitsani, kiyi muike kutali, ndipo mawaya a mtundu wa lalanje musawakhudze.

Ndifunika zida zanji?

Soketi ya mapulagi, yaitali, yokhala ndi labala kapena maginito m'kati wogwira pulagi kuti isagwe. Yofala kwambiri ndi ya 16. Ma Nissan ambiri ndi Toyota zatsopanoko za injini ya NR ndi ZR zimafuna ya 14, pamene injini zakale zina zimafuna ya 21. Musasokoneze saizi ya soketi ndi kunenepa kwa mathiredi: pulagi ya soketi 16 kawirikawiri mathiredi ake ndi a mamilimita 14, ya soketi 14 ndi a mamilimita 12. Pamafunikanso ratchet ndi chitsulo chotalikitsira, soketi ya 10 yomasulira makoyilo, pompa ya njinga yopemerera fumbi, tochi, kansanza koyera, ndi kapaipi ka labala kotalika ngati chikhatho, koti pulagi ilowemo mothina kumbali yake yoyera. Torque wrench mukaipeza yobwereka, bwerekani. Sipanala ya mapulagi yotchipa ya chitsulo chopyapyala, ija yokhala ndi kamtengo kopingasa, imapindika pa pulagi yolimba ndipo imatha kuswa mbali yoyera.

Tsono ndiyambire pati?

Injini ikhale yozizira, makamaka m'mawa isanalire. Hedi ya magalimoto amenewa ndi ya aluminiyamu, chitsulo chofewa kuposa cha pulagi, ndipo ikatentha imafewa n'kufufuma, moti mathiredi ake amatha kutuluka limodzi ndi pulagi. Sankhaninso malo opanda mphepo. Pabwalo la fumbi mu Okutobala si malo otsegulira injini. Kiyi achoke pa galimoto. Kumasula batire sikofunika kwenikweni, ndipo mawailesi ena a ku Japan akazimitsidwa chotero amadzuka akufuna khadi la mapu limene lidatsala ku Japan komweko.

Chitani silinda imodzi, muimalize, kenaka mupite pa ina. Dinikizani kadzino ka pulasitiki ka polumikizira waya wa koyilo, mukoke cholumikiziracho osati mawaya. Tizino timeneti timauma ndi kutentha kwa zaka, choncho kachikhadabo ndi kuleza mtima zimaposa sikuludiraiva. Masulani kabawuti ka 10, mupotokole koyilo pang'ono uku ndi uku, n'kuizula molunjika m'mwamba. Pa galimoto zakale za mawaya a mapulagi, gwirani pa labala wa kunsonga, ndipo musazule onse pakamodzi. Injini zambiri za masilinda anayi zimayatsa motsatana 1, 3, 4, 2, ndipo mawaya awiri akasinthana malo galimoto imangophulikaphulika.

Musanaike soketi, unikani m'bowomo ndi tochi. Mumakhala mchenga, timiyala, nthawi zina madzi kapena oyilo. Pemererani ndi pompa mpaka muyere, pakuti chilichonse chotsala chigwera m'silinda pulagi ikangochoka, ndipo mchenga m'silinda umapala makoma. Masulani kuzungulira kumodzi, mupemererenso, kenaka mumalize. Soketi ikhale yoongoka. Ikapendama imapanikiza mbali yoyera ija n'kuiswa.

Ikani yakale pafupi ndi yatsopano, mufananitse utali wa mathiredi ndi pokhalira washala. Zikasiyana, imani pomwepo mubwerere ku shopu.

Tsopano pakubwera pamene ntchito yonse yagona. Pulagi yatsopano musaiponyere m'bowo, chifukwa kachitsulo kokhota kakagunda pansi mpata umatsekeka. Ilowetseni m'kapaipi ka labala kaja, muitsitse pang'onopang'ono mpaka ikhale, muipotokolere kumanzere pang'ono mpaka mumve kuti yagwera m'malo mwake, kenaka muyambe kumanga ndi zala. Iyenera kuyenda mofewa maulendo oposa 10. Ikalimba pa ulendo wachiwiri kapena wachitatu, ndiye kuti yalowa chopingasa: bwezani, muyambirenso. Ubwino wa kapaipi ndi wakuti pulagi ikapingasa kamangoterereka, sikangakakamize. Ratchet ili ndi mphamvu yodula mathiredi atsopano m'aluminiyamu inu osamva kanthu, ndipo mudzazindikira pulagi itayamba kuzungulira osalimba. Kukonza pamenepo kumafuna kubowola n'kuikamo helicoil, ndipo nthawi zina hedi yonse imayenera kutsika. Ratchet igwire pulagi pokhapokha zala zitaifikitsa pansi.

Mukamanga, bwezerani koyilo muikanikize mpaka ikhale bwino, kabawuti ka 10 mukamange mongogwiritsa, ndipo cholumikizira chimveke kuti "kwa". Pulagi imene yagwa pa simenti musaiike, ngakhale ikuoneka bwino. Mng'alu wake umakhala wosaoneka ndi maso koma magetsi amaupeza.

Pulagi yakana kumasuka. Ndiwonjezere paipi ku sipanala?

Ayi, chonde. Kulimba koyambirira n'kwachibadwa, pulagi imalira kuti "tha" kenaka n'kuyenda. Koma ikamasuka pang'ono n'kulimbanso, ndiye kuti mathiredi adzaza mwaye kapena dzimbiri. Thirani mafuta ofewetsa dzimbiri pang'ono m'bowomo, mudikire theka la ola kapena usiku wonse. Kenaka masulani pang'ono, mumangenso pang'ono, mumasulenso mopitirirako, kumapita ndi kubwerera choncho mpaka itatuluka. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ngati zonsezi zakanika, imangeninso monga idaliri, mubwezere koyilo, muyendetse galimoto kupita kwa makaniko. Pulagi yothyokera m'hedi imafuna zida zina, ndipo galimoto imapita kugalaja pa chingwe.

Ndimange mpaka pati ngati ndilibe torque wrench?

Pulagi yatsopano ili ndi washala yofufuma imene imaphwanyika mukamamanga, ndipo kuphwanyikako ndiko kumatseka mpweya. Pa pulagi ya mathiredi a mamilimita 14, NGK imati zala zikafika polekezera, onjezerani theka la kuzungulira mpaka magawo awiri mwa atatu. Kunena mophweka, chogwirira cha ratchet chichoke pa 12 koloko chifike pa 6, osapitirira 8. Mumamva washala ikugonja mofewa, kenaka mwadzidzidzi n'kulimba. Pamenepo ndi pamapeto. Ngati mukubwezera pulagi yakale, washala yake idaphwanyika kale, choncho kuchoka pa 12 kufika pa 1 koloko n'kokwanira. Mapulagi opyapyala a mamilimita 12 amafuna kuzungulira kocheperako, ndipo makampani ambiri amajambula mlingo wake pa bokosi.

Okhala ndi torque wrench: NGK imapereka 25 mpaka 30 Nm pa mathiredi a 14 m'hedi ya aluminiyamu, ndi 15 mpaka 20 pa a 12. Buku la galimoto likapereka nambala ina, monga 18 imene Toyota imalemba pa injini zina, tsatani bukulo.

Yomanga mosakwana imatulutsa mpweya m'mbali, imatentha kwambiri chifukwa sikupereka kutentha kwake ku hedi, ndipo imatha kufwamphuka n'kuthyola koyilo. Yomanga mopitirira imatamuka kapena kukokolola mathiredi. Oyamba kumene ambiri amalakwira mbali yachiwiriyi, chifukwa cha mantha oti imasuka panjira.

Za kupaka girisi kapena oyilo pa mathiredi, zisiyeni. Mapulagi a NGK ndi Denso amabwera atakutidwa kale ndi chitsulo choletsa kumatirira, ndipo girisi amangochititsa kuti mumange mopitirira dzanja lisakumva.

Kodi mpata wa kunsonga ndiukonze ndekha?

Mukagula nambala yoyenera, mpata umabwera wokonzedwa kale. Kungouona ndi feeler gauge kuti sunatsekeke m'njira n'kwabwino. Pa pulagi wamba mukhoza kupinda kachitsulo kokhota pang'ono, osatsamira pa kapakati. Pa iridium musalowetse chitsulo chilichonse mokakamiza, kansonga kake kamathyoka msanga. Yotsekeka mpata ibwezeni ku shopu.

Akale aja ndingotaya?

Musanataye, awerengeni. Ayaleni pa katoni motsatana, mulembe 1 mpaka 4, kuyambira mbali ya malamba a injini. Pulagi ndi chinthu chokhacho chimene chimakhala m'kati mwa moto n'kutuluka mosavuta kudzakuuzani za kumeneko.

Nsonga youma, yotuwira mofiirira ngati tiyi wamkaka, ndiye kuti silinda imeneyo ili bwino. Yakuda ndi mwaye wouma wochoka ndi chala ikusonyeza petulo wochuluka kuposa mpweya: yambani mwaona fyuluta ya mpweya, imene m'misewu yathu yafumbi imatsekeka nthawi yake isanakwane. Mwaye womwewo umabweranso pa galimoto imene imangoyenda timaulendo tatifupi kapena kulira nthawi yaitali itaima pa mzere wa mafuta, pulagi osafika potentha podziyeretsa. Yakuda koma yonyowa, yonyezimira ndi oyilo, ndi nkhani ya maring'i a pisitoni kapena tilabala ta mavavu, makamaka ngati kuekizozi kukutuluka utsi wabuluu. Yoyera mbuu yokhala ndi timatuza, tizitsulo titadyeka, yatentha mopitirira: mwina nambala ndi yolakwika, mwina injini ikuba mpweya penapake. Imodzi ikayera modabwitsa pakati pa zinzake zakuda, madzi a mu radiyeta akumatsika osaoneka pamene akudontha, ganizirani za gasiketi ya hedi. Utoto wofiira ngati njerwa umachokera ku mankhwala ena othira m'petulo.

Oyilo akakhala kumtunda, pa mbali yoyera ndi m'bowo monse, koma nsonga ili youma, musachite mantha. Ndi tilabala ta gasiketi ya chivundikiro cha pamwamba pa injini tomwe tauma. N'zotchipa, koma musazilekerere, oyilo amafufumitsa labala wa koyilo.

Pali zizindikiro ziwiri zimene zimasokoneza ngakhale amakaniko. Mzere wofiirira wozungulira pamene mbali yoyera ikukumana ndi chitsulo si umboni woti pulagi ikutulutsa mpweya, monga ena amanenera pofuna kukugulitsani atsopano. Ndi tinthu ta oyilo tokokedwa ndi magetsi, ndipo tilibe vuto. Koma kamzere kakuda kotsika m'litali mwa mbali yoyera, kosachoka mukapukuta, ndi njira imene magetsi akhala akuthawira kunja. Pamenepo sinthani pulagi ndi labala wa koyilo yomwe, apo ayi labala wakaleyo ajambula kamzere komweko pa pulagi yatsopano.

Amakaniko ena amangowapala ndi sandpaper kapena kuwawotcha pa moto. Sizigwira?

Zimakufikitsani kunyumba. Pulagi wamba yodzaza mwaye ikatsukidwa ndi burashi ndi petulo pang'ono n'kuumitsidwa, imayambanso kuyatsa. Koma chitsulo chimene chidadyeka sichibwerera, mchenga wa sandpaper umatsalira m'kati mwa pulagi n'kukagwera m'silinda, ndipo chimene chidabweretsa mwayewo chikadalipo. Iridium ndiye musaipale n'komwe, mungachotse kansonga kamene mudalipira. Chizolowezi china chosiya ndi choyesa moto pogunditsa pulagi pa injini wina akuliza, bowo lili pululu. Nthunzi ya petulo imatuluka pa bowo lomwelo, ndipo koyilo yamakono ikasowa kopititsa magetsi ake imatha kupsa.

Ndasintha onse koma ikumisabe. Ndalakwitsa pati?

Yambani ndi zimene mwagwira. Cholumikizira cha koyilo chimene sichinafike, koyilo yosakhala bwino pa pulagi, kapaipi ka mpweya kamene kadazuka pochotsa chivundikiro, kapena labala wa m'soketi amene watsalira pa pulagi, ndi zimene zimapezeka kawirikawiri. Ngati galimoto idatsukidwa injini ndi paipi posachedwa, zulani makoyilo muone ngati m'mabowo mulibe madzi.

Zonse zikakhala m'malo, kayezetseni pa kompyuta. P0301 mpaka P0304 akutchula silinda imene ikumisa, pamene P0300 ndiye kuti vuto likuyendayenda. Tinene kuti yatuluka P0302. Sinthanitsani koyilo ya silinda 2 ndi ya silinda 3, mufufute, muyendeko pang'ono. Ikasanduka P0303, vuto latsatira koyilo, gulani imodzi yokhayo. Ikakhalabe pa 2, sinthanitsaninso mapulagi awiriwo mofananamo, pakuti ngakhale yatsopano imatha kubwera yosweka. Ikakakamirabe pa silinda yomweyo, katsala ndi injekita, mawaya ake, kapena kupanikiza kwa silindayo. Pemphani makaniko ayeze compression ya masilinda onse anayi musanagulenso sipeya ina iliyonse.